Chinyezi Chikamabwerera m'Chipinda Chapansi pa Nyumba

Chipinda chomangidwa pansi pa nthaka chimadziulula ndi fungo chisanaonetse chizindikiro china chilichonse. Mukatsegula chitseko n'kutsika masitepe awiri kapena atatu, mumakumana ndi kafungo ka chuku, konga ka zovala zimene zinapindidwa zisanaumitsitse, koma mukakhalamo mphindi zowerengeka mphuno zimazolowera ndipo mumayamba kudziuza kuti zinthu sizinafike poipa. Zizindikiro zina zimatulukira pambuyo pake. Katoni imene munaisiya pansi ili yolimba imabooka kunsi mukainyamula, zipangizo zachitsulo zimachita dzimbiri ngakhale kuti mvula sinazikhudzepo, chitseko chamatabwa chimafufuma n'kuyamba kuvuta kutseka, penti imamatuka m'munsi mwa khoma, ndipo m'makona mumaoneka timadontho takuda timene mukatipukuta timabweranso pakatha milungu ingapo.

Kubwereraku n'kumene kumatopetsa eni nyumba. Amakwecha khoma, amapaka penti yatsopano, amatsegula mawindo, ena amagula makina ochotsa chinyezi, ndipo kwa miyezi iwiri kapena itatu chipinda chimaoneka ngati chachira, kenako nyengo ikasintha zonse zimayambiranso pamene zinalekera. Chimene chimachititsa n'chakuti madzi amafika m'chipinda chapansi kudzera njira zitatu zosiyana, ndipo chothetsera njira imodzi sichigwira ntchito pa inzake, nthawi zina chimachita kukulitsa vutolo. Pali madzi a m'nthaka amene amalowa kudzera m'makoma ndi pansi, pali madzi amene mpweya wofunda umanyamula n'kukawatula pa makoma ozizira, ndiponso pali madzi amene nyumbayo imadzipangira yokha kudzera m'mapaipi odontha ndi m'ntchito za tsiku ndi tsiku. Musanagule chilichonse muyenera kudziwa kuti mukulimbana ndi ati mwa atatuwa.

Kuyeza chinyezi

Khungu ndi mphuno si zoyezera zodalirika, choncho chida choyamba kukhala nacho ndi hygrometer, kachipangizo kakang'ono kamene kamasonyeza kutentha kwa chipinda ndi kuchuluka kwa chinyezi mu mpweya. Nambala ya maperesenti imene kamaonetsa imatanthauza kuchuluka kwa nthunzi imene ili mu mpweyawo poyerekeza ndi nthunzi yonse imene mpweya wa kutentha kumeneko ungathe kusunga. Bungwe la Environmental Protection Agency la ku United States limalangiza kuti chinyezi cha m'nyumba chisapitirire 60 peresenti, ndipo ngati n'kotheka chizikhala pakati pa 30 ndi 50 peresenti. M'chipinda chapansi, munthu amene wakwanitsa kuchisunga pa 50 kapena 55 peresenti chaka chonse wachita bwino ndithu.

Kachipangizoka musakaike pawindo kapena pafupi ndi chitseko, koma chapakati pa chipinda, pamwamba pa tebulo kapena shelefu, ndipo muzilemba zimene kakusonyeza m'mawa ndi madzulo kwa milungu iwiri kapena itatu, limodzi ndi mmene kunja kunachera tsikulo. Nambala ya tsiku limodzi siiphunzitsa zambiri, koma mndandanda wa masiku 20 umayamba kulankhula. Ngati nambala imalumpha tsiku lotsatira mvula yamphamvu, maso anu aloze kunja kwa nyumba. Ngati imakwera masiku otentha kopanda mvula, makamaka mawindo akakhala otsegula, vuto lili mu mpweya. Ngati siisintha kaya kugwe mvula kaya kuwombe dzuwa, ganizirani za paipi yodontha kapena chinyezi chokwera pang'onopang'ono kuchokera m'nthaka.

Zipangizo zotsika mtengo zimatha kunama ndi maperesenti angapo, koma pali njira yosavuta yoziyesera. Thirani mchere wamba m'chitsekerero cha botolo, donthezanimo madzi pang'ono kuti ungonyowa koma usasungunuke, ndipo muutsekere limodzi ndi hygrometer m'kontena yosalowa mpweya kwa usiku wonse. Mpweya wa m'kontenamo umakhazikika pa 75 peresenti, choncho kachipangizo kakasonyeza 70 mwadziwa kuti muziwonjezera 5 pa nambala iliyonse imene kakupatsani.

Kuyesa kwachiwiri n'kumene kumasiyanitsa madzi a m'khoma ndi madzi a mu mpweya. Dulani pulasitiki yoonekera mkati ya masentimita pafupifupi 45 mbali zonse, pukutani malo amene amakonda kunyowa, ndipo muimate pamenepo ndi tepi yolimba m'mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe. Chitani chimodzimodzi pansi pa simenti ndi pa makoma ena, chifukwa khoma lililonse likhoza kukhala ndi nkhani yakeyake. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri pitani mukaone. Madontho akakhala kunja kwa pulasitiki, mbali yoyang'ana m'chipinda, madziwo achokera mu mpweya. Akakhala mkati, kapena simenti ikada pamene panali pulasitikipo, chinyezi chikudutsa m'khoma kuchokera m'nthaka. Si zachilendo kupeza madontho mbali zonse ziwiri, ndipo zikatero muli ndi ntchito ziwiri.

Makoma otuluka thukuta

Ili ndi gwero limene anthu ambiri salikhulupirira poyamba, chifukwa limatsutsana ndi zimene tinazolowera, zoti chipinda chonyowa chimafuna kutsegulidwa kuti mupite mphepo. Nthaka ya pansi kwambiri sitentha kapena kuzizira mofulumira ngati mpweya, imakhala pafupifupi pa kutentha kumodzi chaka chonse, moti nyengo yotentha ikafika makoma ndi pansi pa chipinda chapansi zimatsalira zili zozizira. Tsono mpweya wofunda umasunga nthunzi yambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30, kiyubiki mita imodzi ya mpweya ikhoza kusunga magalamu pafupifupi 30 a madzi, pa madigiri 20 imasunga 17, ndipo pa madigiri 10 imasunga 9 okha.

Tiyerekeze kuti kunja kuli madigiri 30 ndipo chinyezi chili pa 60 peresenti, tsiku limene munthu angalitche louma bwino. Mpweya umenewo wanyamula magalamu 18 a madzi pa kiyubiki mita iliyonse. Mukatsegula windo, umatsikira m'chipinda n'kukhudza khoma limene lili pa madigiri 18, pamene mpweya sungasunge magalamu oposa 15 kapena 16, ndipo otsalawo amatsika pakhomapo ngati mame, monga mmene botolo lochokera mufiriji limachitira thukuta mukaliika patebulo. Mwini nyumba akaona khoma lanyowa amatsegula windo lachiwiri, mwina n'kuyatsanso fani yoti izikoka mpweya wakunja, ndipo potero amakhala akutungira madzi m'nyumba mwake osadziwa.

Lamulo lake n'lakuti mawindo a chipinda chapansi azikhala otseka pa masiku otentha ndi achinyezi, ndipo azitsegulidwa kunja kukakhala kozizira kuposa m'chipindamo. Mpweya wa madigiri 5 ngakhale utakhala pa 90 peresenti umangonyamula magalamu 6, ndipo ukalowa n'kufunda kufika madigiri 18 chinyezi chake chimatsikira cha pa 40 peresenti, kutanthauza kuti m'mawa wozizira wachifunga umaumitsa chipinda kuposa masana a dzuwa la m'nyengo yotentha. Tsekaninso mipata ya m'mbali mwa mawindo, ya pansi pa chitseko chotulukira kunja, ndi ya pamene mapaipi ndi mawaya amaboola khoma. Mapaipi a madzi ozizira nawonso amachita thukuta n'kumadonthezera pansi mpaka munthu kuganiza kuti aphulika. Avekeni zokutira za siponji zimene zimapangidwira ntchito imeneyi, ndipo mumate mfundo zake bwinobwino, chifukwa pamene patsala poyera m'pamene madontho onse amasonkhana.

Madzi ochokera kunja

Chinyezi cha m'nthaka chimasiya zizindikiro zakezake. Chodziwika kwambiri ndi ufa woyera kapena timakoko tonga mchere pa njerwa ndi pa konkire, umene umapangika madzi akadutsa m'khoma, n'kusungunula mchere wa m'simenti, kenako n'kuuma pamwamba. Anthu ambiri amauyesa nkhungu yoyera, koma kusiyanitsa kwake n'kosavuta: mcherewu umafumbutuka pakati pa zala ndipo umasungunuka mukauthira madzi, pamene nkhungu imanyala kapena kumatirira osasungunuka. Paokha ufawu si woopsa, koma ndi umboni wakuti madzi akhala akuyenda m'khomamo. Zizindikiro zina ndi mzere wakuda wopingasa m'munsi mwa khoma, madzi otuluka pamene khoma limakumana ndi pansi, ndi pulasitala amene amalira ngati chigoba mukamugogoda.

Pa nkhani imeneyi ndili ndi chondichitikira. M'nyumba ina imene ndinakhalamo, khoma limodzi la chipinda chapansi linkanyowa pa ngodya imodzi yokha, ndipo ndinalipaka kawiri penti yotchinga madzi, ulendo uliwonse ndikukhulupirira kuti ndathana nalo. Ulendo wachitatu penti itatupa matuza, ndinatuluka panja ndi ambulera mvula ili mkati mokhuthuka, n'kuzungulira nyumbayo. Paipi yotsitsa madzi a padenga inali itaguluka pa mfundo yake yam'munsi, kuseri kwa chitsamba, ndipo madzi onse a mbali imeneyo ya denga ankakhuthukira pangodyapo n'kumalowa pansi ngati akuthiridwa m'fanulo. Kulumikiza paipiyo kunanditengera nthawi yochepa kuposa kutsuka burashi ya penti. Kuyambira pamenepo, aliyense wondifunsa za khoma lonyowa ndimamuuza kuti ayambe wayendera nyumba yake mvula ikugwa, osati itakata.

Kuchuluka kwa madzi a padenga kumadabwitsa munthu akawerengetsa. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi, choncho denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 25 limatsitsa malita 2,500, ndipo onsewo amatera m'mbali mwa maziko ngati palibe chowatengera kutali. Dothi la m'mbali mwa mazikolo ndi limene linakumbidwa pomanga n'kubwezeredwa, motero ndi lofewa kuposa nthaka yozungulira, limamwa madzi msanga, ndipo pakapita zaka limatitimira mpaka bwalo kuyamba kutsetserekera kunyumba. Chotsani masamba m'ngalande za m'mphepete mwa denga, onetsetsani kuti sizikusefukira, ndipo mapaipi otsitsa madzi muwatalikitse kuti azikathira mamita awiri kapena kuposerapo kuchoka pakhoma. Kenako wonjezerani dothi lolimba m'mbali mwa nyumba kuti nthaka izitsetserekera kunja. Malamulo a zomangamanga a International Residential Code, amene amatsatidwa kwambiri ku United States, amanena kuti itsike masentimita pafupifupi 15 pa mamita atatu oyambirira. Pochita zimenezi musakwirire khoma mpaka kufika pa matabwa kapena pa mawindo, chifukwa mukatero mwatsegulira chiswe ndi chinyezi njira ina. Onaninso maenje a kunja kwa mawindo a chipindacho ngati sasunga madzi, komanso maluwa amene amathiriridwa tsiku ndi tsiku m'mbali mwenimweni mwa khoma.

Nyumba zambiri zimachira ndi zokhazi. Zimene sizichira nthawi zambiri zimakhala zomangidwa pa dothi la makande losalola madzi kudutsa, kapena pamalo pamene madzi a pansi pa nthaka amakwera m'nyengo ya mvula. Madzi akaima kuseri kwa khoma amakankha ndi mphamvu yaikulu: pa kuya kwa mita imodzi, kukankhako kumafanana ndi tani imodzi pa sikweya mita iliyonse. Palibe penti imene ingapirire zimenezo kwa zaka, ndipo n'chifukwa chake penti yotchinga madzi ndimaiona ngati yothandiza pa kachinyezi kochepa kokha. Pamene madzi akuchita kuyenda, njira yeniyeni ndi kuwapatsa kolowera. Amisiri amakumba m'mbali mwa maziko kunja, amapaka phula kapena kumata nsalu yosalowa madzi pakhoma, n'kuyala paipi yobooleza m'miyala ya kwale kuti izitengera madzi kumalo otsika. Ngalande yotereyi imadziwika kuti French drain, osati chifukwa cha dziko la France, koma chifukwa cha Henry Flagg French wa ku United States amene anaifotokoza mu 1859. Kukumba kunja kukakhala kosatheka, ngalandeyo imadulidwa mkati m'mbali mwa makoma, n'kumathira m'dzenje lokhala ndi pampu yodziyatsa yokha madzi akakwera.

Amene ali kale ndi pampu yotere aziiyesa mvula isanayambe pothira ndowa zingapo za madzi m'dzenjemo n'kuona ngati ikuyaka ndi kuzima yokha. Paipi yake ikhale ndi valavu yoletsa madzi kubwerera, ndipo izikathira kutali ndi nyumba, apo ayi pampuyo izingopopa madzi omwewo mozungulira. Dzenjelo likhale ndi chivundikiro chothina, chifukwa dzenje lotsegula limatulutsa nthunzi usana ndi usiku. Popeza magetsi amakonda kuzima pa nthawi ya mkuntho, pamene pampu ikufunika kwambiri, batire yapadera si chinthu chongosangalatsa. Ndipo madzi akasefukira m'chipindamo, musapondemo magetsi a chipindacho asanazimitsidwe pamalo ouma.

Ming'alu imafuna kuisiyanitsa. Yopyapyala ngati tsitsi, yotsika kuchokera m'mwamba kupita pansi, kawirikawiri imabwera konkire ikamauma ndipo ikhoza kutsekedwa pobayiramo mankhwala a polyurethane kapena epoxy. Mng'alu wopingasa, wokwera ngati masitepe m'mizere ya njerwa, wokula chaka ndi chaka, kapena khoma lopindikira mkati, zimasonyeza kuti nthaka ikukankha khomalo, ndipo pamenepo pakufunika injiniya wa zomangamanga osati simenti yomata pamwamba. Mukakayikira, lembani ndi pensulo kumapeto kwa mng'aluwo pamodzi ndi tsiku lake, ndipo mudzaonenso pakatha miyezi itatu.

Madzi amene nyumba imadzipangira

Gwero lachitatu silifuna kufotokoza kwambiri, koma limaiwalika. Tsekani mipopi yonse, werengani mita ya madzi, dikirani maola awiri popanda wogwiritsa ntchito madzi, ndipo muwerengenso. Ikasuntha, penapake pakudontha. Yang'anani pansi pa giza, kuseri kwa makina ochapira ndi m'munsi mwa bafa la pamwamba. Zovala zoyanikidwa m'chipinda chapansi zimasiya madzi ake onse mu mpweya wa momwemo, ndipo makina oumitsira zovala amene paipi yake siitulukira kunja, kapena inaguluka kuseri, amachita chimodzimodzi mofulumira kwambiri. Mbaula za parafini kapena za gasi zopanda chumuni zimatulutsa nthunzi poyaka, moti lita imodzi ya parafini imasiya pafupifupi lita imodzi ya madzi mu mpweya. Nkhuni zaziwisi zosungidwa mkati zimaumira m'chipinda chanu. Nyumba ikakhala yatsopano, konkire imapitiriza kutulutsa madzi omangira kwa miyezi yambiri, ndipo chinyezi cha mtundu umenewu chimachepa chokha. Ngati mbali ina ya pansi ndi dothi losawaka, iyaleni pulasitiki yochindikala, mapepala ake apitirirane ndi kumatidwa m'mfundo.

Makina ochotsa chinyezi

Madzi oyenda akatsekedwa, makina ochotsa chinyezi mu mpweya, otchedwa dehumidifier, ndi amene amamaliza ntchito, ndipo m'madera a nyengo yotentha yachinyezi chipinda chapansi chimavuta kukhala chouma popanda makinawa. Cholakwika n'kuwagula poyamba n'kuyembekezera kuti aumitse nthaka yonse yozungulira nyumba. Akamayenda usana ndi usiku osafika pa nambala imene mwawaikira, kawirikawiri si makinawo amene afooka, koma pali windo lotsegula kapena madzi akulowabe.

Mtundu wofala umagwira ntchito ngati firiji: umakoka mpweya n'kuudutsitsa pa timapaipi tozizira, madzi amatsika n'kugwera m'chidebe, ndipo mpweya umatuluka wouma ndi wofundirapo. Mtundu umenewu umafooka chipinda chikazizira kutsika cha pa madigiri 15, chifukwa timapaipito timayamba kuundana madzi, ndipo m'chipinda chozizira chotero mtundu wa desiccant, umene umayamwa nthunzi ndi gudumu la mankhwala oumitsa, umachita bwino ngakhale kuti umadya magetsi ambiri. Samalaninso ndi malita olembedwa pa katoni. Opanga ambiri amayeza makina awo pa madigiri 30 ndi chinyezi cha 80 peresenti, pamene madzi amachoka mosavuta, choncho m'chipinda cha madigiri 18 makina omwewo amatulutsa madzi ochepa kwambiri poyerekeza ndi nambalayo. Ndi bwino kutenga okulirapo kusiyana ndi ongokwanira.

Aikireni pa 50 peresenti. Kutsitsa kuposa pamenepo kumangowononga magetsi, ndipo pa khoma limene likumwa madzi a m'nthaka kumachititsa kuti chinyezi chizidutsa mofulumira n'kusiya mchere wambiri. Asiyireni mpata kuchoka pakhoma kuti mpweya uziyenda, tsekani mawindo ndi chitseko chakunja, koma tsegulani zitseko za tizipinda ta mkati ndi za makabati. Chidebe chikadzaza makina amazima, ndipo ambiri amene amadandaula kuti makina awo sathandiza amakhala kuti makinawo amatha theka la sabata ali chozima. Lumikizani kapaipi kotayira madzi kuti kazithira m'ngalande. Sefa yake izitsukidwa milungu ingapo iliyonse. Timabokosi ta mchere woyamwa chinyezi wa calcium chloride timathandiza m'kabati yotseka, koma pa chipinda chonse n'chimodzimodzi kukapa dziwe ndi supuni.

Ena amasankha kuika fani yotulutsa mpweya kunja. Ngati m'chipindamo muli giza kapena chotenthetsera nyumba choyendera gasi, mafuta kapena nkhuni, fani yamphamvu ikhoza kukoka utsi kuti ubwerere m'chumuni, ndipo utsiwo umakhala ndi mpweya wakupha wa carbon monoxide, umene suoneka komanso sununkha. Zotere zimafuna katswiri, ndiponso alamu yochenjeza za mpweyawu.

Nkhungu imene yamera kale

Mpweya wa m'chipinda chapansi sukhala momwemo. Mpweya wofunda ukamakwera n'kutuluka chakudenga, nyumba imakoka wina kuchokera pansi, motero fungo ndi njere za nkhungu zimafika m'zipinda zogona. Mu 2009, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) linatulutsa malangizo okhudza chinyezi ndi nkhungu m'nyumba, ndipo linanena kuti anthu okhala m'nyumba zachinyezi amakhala pa chiopsezo chachikulu cha mavuto a kapumidwe, matenda a m'chifuwa ndi kukula kwa mphumu. Mitundu yofala m'nyumba ndi Cladosporium, Penicillium ndi Aspergillus, pamene Stachybotrys chartarum, imene imatchuka kuti nkhungu yakuda, imakonda mapepala, makatoni ndi mabolodi a gypsum (okutira makoma mkati mwa nyumba) amene akhala chinyowere nthawi yaitali. Kwa mwini nyumba dzina la nkhunguyo silisintha chochita, chifukwa iliyonse iyenera kuchotsedwa ndipo madzi oidyetsa ayenera kutsekedwa.

Chinthu chikanyowa chiumitsidwe pasanathe maola 24 mpaka 48, nkhungu isanagwire. Malo amene yagwira kale akakhala osakwana sikweya mita imodzi, munthu akhoza kuyeretsa yekha atavala magolovesi, magalasi oteteza maso ndi chophimba kumphuno cha N95. Pa konkire, matailosi ndi zitsulo, madzi a sopo ndi burashi n'zokwanira, kenako malowo aumitsidwe bwinobwino. Musakweche nkhungu youma, chifukwa njere zake zimauluka. Amene akugwiritsa ntchito mankhwala a klorini asawasakanize ndi amoniya kapena viniga, popeza kusakanizako kumatulutsa mpweya wapoizoni umene ndi woopsa kwambiri m'chipinda chopanda mawindo okwanira. Makatoni, kapeti, matiresi ndi mabolodi a gypsum zimene nkhungu yalowerera mkati sizitsukika, n'zofunika kutaya. Kupaka penti pamwamba pa nkhungu kumangoibisa kwa kanthawi. Malo akakhala aakulu, madzi akakhala ochokera m'mapaipi a zonyansa, kapena m'nyumbamo mukakhala munthu wa mphumu kapena wa chitetezo cha m'thupi chofooka, ntchitoyo ipatsidwe kwa akatswiri.

Mitanda yamatabwa imene yanyamula pansi pa nyumba ya pamwamba muziyibaya ndi sikuludiraiva, makamaka kumapeto kumene yalowa m'khoma. Thabwa limene chinyezi chake chikupitirira 20 peresenti kwa nthawi yaitali limayamba kuola, ndipo chitsulo chikalowa mosavuta kapena thabwa likamayoyoka timabokositimabokosi, limenelo si vuto la fungo chabe. Katundu wosungidwa m'chipindamo achoke pansi ndi pakhoma, akhale pa mashelefu achitsulo kapena apulasitiki otalikira masentimita angapo kuchoka kukhoma, ndipo zinthu za m'makatoni zisamutsidwire m'makontena otseka. Popeza mwayamba kale kutseka ming'alu ndi kuchepetsa mpweya wolowa, ndi nthawi yabwino yoyezetsa radon, mpweya wochokera m'nthaka umene umasonkhana m'zipinda zapansi ndipo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Bungwe la WHO limalangiza kuti usapitirire mabekerelo 100 (bekerelo ndi muyezo wa kuchuluka kwa radon) pa kiyubiki mita, ndipo kumene zimenezo n'zosatheka usadutse 300.

Musanakute makoma

Chinyezi chobwerera moipa kwambiri ndi chimene chimapezeka m'chipinda chimene chakonzedwa kuti anthu azikhalamo, chifukwa kuseri kwa mabolodi palibe amene amaonako mpaka fungo litatuluka. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mmisiri amakhoma matabwa pakhoma la konkire, amalowetsa pakati ubweya wa galasi wotchinga kuzizira, amakuta ndi pulasitiki, n'kutseka ndi bolodi. Mpweya wa m'chipinda umapeza mpata n'kukafika pa konkire yozizira kumene umatula madzi, chinyezi cha m'nthaka chimabwera kuchokera mbali inayo, ndipo pulasitiki ija imaletsa zonsezo kuuma. Njira yodalirika ndi kumata mabolodi olimba a thovu la pulasitiki otchinga kuzizira pa konkire penipeni, kutseka mfundo zake kuti mpweya usapite kuseri, kenako n'kumanga matabwa ndi bolodi la mkati kutsogolo kwake, popanda pulasitiki ina. Bolodi la gypsum lisakhudze pansi, litalikire sentimita imodzi kapena iwiri kuti lisamamwe madzi ngati chingwe cha nyali. Pansi, matailosi amapirira kuposa kapeti womatidwa pa simenti.

Koma zonsezi zidikire mpaka chipinda chitadutsa nyengo yathunthu ya mvula ndi nyengo yathunthu yotentha chili chouma, makoma ali poyera pamene mungathe kuwaona. Bwerezani kuyesa kwa pulasitiki kuja pa makoma onse ndi pansi pambuyo pa mvula yamphamvu kwambiri ya chakacho, ndipo muyerekeze ndi manambala amene mwakhala mukulemba. Pulasitiki imodzi yokha ikapezeka ndi madontho mkati, khoma limenelo lisakutidwe, bwererani panja mukaonenso ngalande za padenga ndi kutsetsereka kwa nthaka kumbali imeneyo.